Tisheti ya maliro a munthu wamoyo

Panali munthu wina ku Kabwata mu Lusaka, mnyamata dzina lake Oswell, ndipo amene anaona nkhaniyi akuti inachitikadi. Oswell ankakonza zithunzi zodinda pa matisheti n'kumagulitsa pa intaneti. Sitolo yake inali foni ndi kompyuta basi. Luso anali nalo, tisaname, koma ankadzimva shuga, wosauzika.

Ataona kuti matisheti a pamaliro, aja okhala ndi nkhope ya malemu, akuyenda malonda, anaganiza zokonza chitsanzo chokopera makasitomala. Zithunzi zimene anamfedwa ankamutumizira zinkakhala zosaoneka bwino, ndiye analowa pa Fesibuku n'kutola chithunzi chowala cha mnyamata wina wosamudziwa, akuseka mano onse pamtunda. Anachiikira mitambo ndi nkhunda, n'kulemba kuti "Usa mumtendere". Chaka chobadwa ndi chomwalira anangopeka. Pansi anaikapo dzina lake ndi nambala yake ya foni.

Telala wachikulire amene ankagwira ntchito naye pakhonde limodzi, a Ayuba, anasuzumira pa kompyutapo.

"Wamwalila liti uyu mwana?"

"Ali moyo, ba Ayuba. Ni sample chabe."

"Iwe! Uvalika nsanda muntu akali kupema? Chosapo iyo nkope. Ngati ufuna sample, ika yako."

"Lusaka ni ikulu, bamudala. Azaziba bwanji?"

Mawu a mkuluyo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Oswell anaponya chithunzicho pa tsamba lake, n'kulemba pamwamba kuti akulandira maoda. Koma anthu a pafoni mukuwadziwa, sawerenga. Amangoona nkhope n'kuyamba kulira. Wina anadula mawu a malondawo, natumiza chithunzi chokhacho m'magulu a pafoni, mpaka chinakafika ku Chunga, dera lina la mu Lusaka momwemo.

Ku Chunga n'kumene kunali kwawo kwa mwini nkhopeyo. Dzina lake anali Kasuba, wothandiza dalaivala wa thiraki, ndipo sabata imeneyo anali pa mzere wa mathiraki kumalire a dziko ku Kasumbalesa, foni yake itathima. Mayi wina woyandikana nawo nyumba analowa pakhomo akubuma, n'kuwaonetsa amayi ake a Kasuba chithunzicho. Amayi a Kasubawo anali odwala kuthamanga kwa magazi. Anaimba foni ya mwana wawo, koma sinalowe. Anaimbanso, osalowa. Anagwa pomwepo, ndipo pofika nawo kuchipatala n'kuti atatsamaya kale. Zomvetsa chisoni, mayi kufa akulira mwana yemwe anali bwinobwino.

Kasuba pobwerera anapeza tenti pakhomo, ndipo azimayi ena atamuona anathawa poyesa mzukwa. Mkulu wake, Kabamba, anamukokera kuseri, namuuza kuti maliro ndi a mayi awo. Kenako anamuonetsa chithunzi chija. Kasuba sanalire. Anangoloza nambala inali pansipo, Kabamba n'kuimba.

"Ba Oswell, muli shani? Tili na malilo kuno ku Chunga. Tifuna ma T-shirt ya banja yonse. Bwelani mutenge photo ya bamene bamwalila."

"Sure ba boss, nibwela manje manje!"

Oswell anavina ndi chimwemwe. Tsoka silinunkha. Ananyamula kompyuta, nakwera minibasi, mumtima akudziyamikira kuti chitsanzo chake chagwira nsomba yaikulu. Kabamba anamuchingamira pamsewu mwaulemu, namupititsa kuseri kwa nyumba, kutali ndi azimayi amene ankaimba nyimbo za maliro. Kumeneko kunaima mnyamata wina atagwira sipanala ya matayala. Oswell anaiyang'ana nkhopeyo, n'kuizindikira nthawi yomweyo. Anali ataidula ndi kuikongoletsa yekha, sakanaisokoneza.

"Waniziba?" anafunsa Kasuba. "Ndine wamene unapaya pa foni. Manje bamai banga bali mu mortuary."

"Nikululukileni bakamba, inali chabe sample..."

Sanamalize. Kabamba anam'menya chibakera pakamwa, mano awiri n'kugwera m'fumbi. Oswell atagwa, anamupondaponda m'nthiti ndi m'mimba. Kompyuta anaimenyetsa pakhoma, inamwazika ngati mbale. Anyamata ena amene anali pamaliropo atamva kuti wapezeka, anabwera ndi njerwa ndi matabwa, aliyense kufuna kuikapo dzanja. Magazi anali chuchuchu kumutu, diso limodzi litatsekeka.

"Unasebenzesa kwanja iti?" anakuwa Kasuba.

Oswell anabisa dzanja lamanja kunsi kwa mimba, ndipo pobisapo anadziulula yekha. Kabamba analisolola, naliponda pa njerwa. Sipanala inatsika, inatsikanso, mafupa akumveka kuthyoka. Kulira kwa Oswell kunaposa nyimbo za azimayi. Akanapanda kuthamangira azibambo a mpingo n'kumuphimba ndi matupi awo, pakhomopo pakanakhala maliro awiri.

Oswell anatsitsimuka ali kuchipatala, zala zitatu za dzanjalo atazidula. Sakonzanso zithunzi, ndipo tsamba lake linatsekedwa. Kasuba ndi Kabamba apolisi anawanyamula tsiku lomwelo, maso a anthu ali gwa. Mayi uja anali ndi ana awiri okhawo, ndipo tsiku loika maliro onse anali m'chitokosi. Dothi loyamba pamanda ake anaponya ndi anthu oyandikana nawo.

Phunziro: Nkhope ya munthu ili ndi eni ake. Musatole chithunzi cha wina pa intaneti n'kuchitira malonda asanakuloleni, ndipo akulu akakuletsani chinthu, imvani, chifukwa wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Inunso olandira mauthenga a maliro pafoni, yambani mwafufuza musanakagogode pakhomo pa kholo. Ndipo mkwiyo sudzutsa wakufa, umangoonjezera misozi. Tumizani nkhaniyi kwa anzanu onse ochita malonda pafoni, mwina mupulumutsa mayi wina.