Otsatira Chipewa cha Doreen

Doreen Tyson sankatulutsa mapu pa mpikisano wothamanga m'mapiri. Ankaweta nkhosa m'mapiri omwewo, ndiye chifunga chikatseka, ochenjera ankangotsatira chipewa chake chofiira.

Tsikulo mphepo inkawawaza chipale chofewa kumaso, ndipo Doreen anali patsogolo pa amayi onse, koyamba pa zaka khumi ndi ziwiri. Atatsala pang'ono kufika pansonga, anamva kulira chakumanzere. Anakhota n'kutsetsereka mpaka pampanda wamiyala. Nkhosa yake yabere inali itakwiririka m'chipalemo mpaka m'khosi.

Atacheuka, anapeza amuna asanu ndi awiri ali wefuwefu kumbuyo kwake.

"Yachidule ndi imeneyi?" anafunsa mmodzi wa iwo, Keith Birkett, mamina ataundana pandevu.

"Yachidule yopita kukhola kwanga. Mapu anu munakulungira buledi?"

"Nanga chikho cha mpikisanowu?"

Doreen anayang'ana kumtunda, kumene mayi wina ankadutsa ngati chithunzithunzi, kenako anayang'ana nkhosayo.

"Chikho sichibereka. Kumbani, abambo inu, poti mwabwera kale."

Anamatula nambala yake pachifuwa, n'kuipinda bwinobwino, n'kuilonga m'chikwama, natseka zipi.