Pulasitiki wa Lolemba

"A Keith, pulasitiki wa Lolemba uja mwasungunula kale?" anafunsa Sellah ataima pakhomo la shedi, thukuta lili kamukamu.

Keith, injiniya wa pa esiteti ya tiyiyo, sanacheuke. Maso ake anali pa makina amene ankalavula pulasitiki wosungunuka pang'onopang'ono, kuumba chilichonse chimene iye wajambula pa kompyuta.

"Kalekale, mayi. Bwanji?"

 Ntchito ya Sellah inali yotola ndi kuduladula mabotolo a madzi akumwa okhaokha. Koma Lolemba matumba asanu amene kapitawo ankafuna sanakwane, ndiye Sellah anakatenga zigubu za mankhwala opopera m'munda, zojambulidwa chigaza pambali, n'kuziduladula, n'kusakaniza. Kuyambira tsiku limenelo zikhatho zake zinkayabwa, khungu likusupuka.

Ankadziwa kuti akaulula, ntchito ithera pomwepo. Anabisa manja m'chitenje.

"Ndimangofunsa. Mwapangira zogwirira masizasi othyolera tiyi, eti?"

"Zimenezo tinamaliza sabata yatha," anatero Keith akumwetulira monyadira. "Wa Lolembayu anatuluka wolimba bwino, kaya munamutola kuti. Ndinaona kuti n'kulakwa kumuwonongera pa zogwirira. Ndapangira makapu makumi anayi, a ana a kusukulu yamkaka."

Sellah anasendera pafupi.

"Ali kuti makapuwo?"

"Aphunzitsi anabwera kudzawatenga m'mawa uno. Mwana wanu Doris amapita komweko, si choncho?" Keith anayang'ana wotchi ya pamkono. "Yadutsa teni koloko. Panopa ndiye ana akumweramo phala lotentha."