Awafunse Okha Bambo Duggan

"Mwapambana, Mayi Noeline," loya anamunong'oneza woweruza akutuluka.

"Ndiye ndikawatenge lero bambo anga?"

Loyayo anayamba kulongedza mapepala. "Ayi, apilo siitha choncho. Khoti langofafaniza chigamulo chija. Nkhani ibwerera ku komiti yomwe ija kuti akaimvenso."

Komitiyo ndi imene inapereka Bambo Duggan m'manja mwa woyang'anira wa boma, yemwe anakawasiya kunyumba yosungira okalamba ku Wollongong. Tsiku la chigamulocho mkuluyo anali pakhonde, akukuwa kuti akufuna kukakhala kwa mwana wawo, koma palibe anawaitana kuti alankhule. Noeline analimbana zaka ziwiri pa mfundo imeneyo.

"Koma ulendo uno woweruza walamula kuti awafunse okha," anatero loya.

Masana Noeline anawapeza bambo akewo atakhala pawindo, tiyi atazizirira m'kapu.

"Ababa, tapambana! Abwera kudzakufunsani. Mudzawauze kuti mukufuna kukakhala ndi Noeline, mwamva?"

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira mwaulemu.

"Noeline? Dzina lokoma bwanji! Ndi mwana wanu, mayi?"