Magazi pa Malaya a Nkweto

Chitseko chinali chotsekanso. Musenge anaima pakhonde la nyumba ya m'busa ndi kambale ka chinangwa chootcha ndi mtedza, khutu atalitchera. M'katimo munali mwamuna wake, Nkweto, ndi m'busayo, mzungu uja. Koma munali zii, ngati mulibe anthu.

Kale sizinali chonchi. Zaka zonse zimene Nkweto anakhala akuthandiza m'busa Hebden, Mngelezi wamtali wowerama msana, kumasulira Baibulo m'Chibemba, ntchito inkachitikira pakhonde pomwepa, poyera. Awiriwa ankakangana ngati anthu olimbirana malire a munda. Liwu limodzi lokha linkawathera tsiku, mpaka odutsa m'njira ankaima kuti aweruze. Musenge ankatula chakudya, n'kuwaseka, n'kubwerera kwawo.

Zinthu zinayamba kupotoka atafika pa buku la Levitiko. M'busa anayamba kufunsa za magazi. Owaza amatchedwa chiyani? Nanga othira pansi? Nanga oundana? Tsiku lina anagula mbuzi n'kuitumbula yekha pabwalo, atapinda manja a malaya, akuloza chiwalo chilichonse kuti akuluakulu amuuze dzina lake. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Koma chaka chomwecho m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Luapula munamveka mbiri ya banyama, anthu opopa anzawo magazi n'kukapereka kwa azungu. Kusekako kunathera pomwepo.

Kenako chitseko chinayamba kutsekedwa, ndipo Nkweto anayamba kuwonda. Munthu amene ankanyamula bwato ndi mnzake mmodzi tsopano ankapumira panjira popita kutchalitchi. Anasamukira kumsasa wa kumunda, akuti nguluwe zavuta. Nguluwe zanji m'munda woti anakolola kale? Anasiya kudyera mbale imodzi ndi ana. Katongo, mwana wawo wachisamba, akamuthamangira, iye ankamubweza ndi dzanja. Malaya anayamba kuchapa yekha, munthu amene chikwatirire sanagwirepo sopo.

M'mawa wa tsikuli Musenge anapeza malaya amodzi atabisidwa mu udzu wa denga la msasa. Pachifuwa ndi pamkono panali magazi ouma. Anawatenga n'kukamuonetsa mwamuna wake. Atamufunsa, Nkweto anangoti, "Amake Katongo, za ntchito ya Mulungu musamafunse zambiri." Ananena maso ali kumbali.

Ndiye apa anali ataima pakhonde, mantha ndi mkwiyo zikumudya pamodzi. Mayi Chomba, oyandikana nawo nyumba, ankadutsa ndi mtsuko pamutu. Anaima, mlomo atapotoza.

"Amake Katongo, mukudikira chiyani pamenepo? Kuti akutulutsireni chikopa chokha?"

"Pitani nazoni, mayi Chomba."

"Ndipita ndithu. Koma mbuzi ija inali yophunzirira, mwana wanga. Mzungu wopanda mkazi, wosadya nyama, koma masaya ali psu. Amadya chiyani?"

Anapita akugwedeza mtsuko wawo. Musenge ankadana ndi pakamwa pa mayiwa, koma lero mawu awo anamulowa mumtima. Anakumbukira mmene m'busa ankamulonjerera masiku ano, mwaulemu wopitirira muyeso, osamuyang'ana m'maso. Munthu wosalakwa sapereka moni wotero. Anakumbukiranso kuti wophika wa pamishoni anauzidwa kuti asamalowe m'chipindacho, ngakhale kudzasesa. Ndipo madzulo alionse m'busa mwiniwake ankatuluka ndi beseni lovundikira nsalu, kulowera nalo kuseri kwa nthochi.

M'katimo munamveka phokoso. Linali ngati la munthu amene wagwidwa pakhosi. Kenako mawu a mzungu, otsika, onyengerera: "Pang'ono pang'ono, mbale wanga. Zitha posachedwa."

Kambale kanagwa. Musenge anakankha chitseko ndi phewa.

Nkweto anali gone pabedi la m'busa, malaya atamasula, nthiti zikuwerengeka. Mzunguyo anali atagwada pambali pake, dzanja limodzi lili kukhosi kwa Nkweto, lina litagwira beseni. M'besenimo munali magazi, ofiira, atsopano. Patebulo panalibe buku lotsegula ngakhale limodzi. Inki inali itauma m'botolo.

"Mfiti iwe!" Musenge anakuwa, akumukoka mzunguyo pakolala. "Musiye! Watha kale, ukufunanso chiyani? Ndiitana mudzi wonse ukuone!"

M'busa sanadziteteze. Anangoteteza beseni kuti lisatayike, n'kuyang'ana Nkweto.

"A Nkweto, ndakhala chete mokwanira. Muwauza ndinu kapena ine?"

Nkweto anatsegula pakamwa kuti alankhule, koma chifuwa chinamutsekereza. Anatsokomola thupi lonse likugwedezeka, ndipo magazi anatuluka okha m'kamwa mwake, popanda womugwira, popanda singano.

"Ndi chifuwa chachikulu, amake Katongo," anatero atapeza mpweya. "Chimalizireni Levitiko sitinalembepo ngakhale liwu limodzi. Ndimadzatsokomolera kuno kuti inu ndi ana musachitenge. Imani patali, chonde."

Musenge anasiya kolala ija. M'busa anatembenukira kukhoma, n'kuphimba pakamwa ndi mpango. Nayenso anayamba kutsokomola.