Funso la Jenifa pa Nthawi ya Tiyi

"Pepani bambo, makina osindikizira aja akung'amba sitensulo, pepala lija ndataipapo mayeso," anatero Jenifa, taipisiti watsopano wa pasukulupo, ataima pakhomo la chipinda cha aphunzitsi. Mayeso anali mawa lake, ndipo ahedi anali atamuuziratu kuti mapepala akapanda kutuluka, alongedze.

A Maurice, amene anaphunzira za makina kwa masabata awiri athunthu ku Blantyre, anatsitsa kapu ya tiyi mwachifatse.

"Mwawerenga buku lake?"

"Munalikiyira m'kabati mwanu, bambo."

"Eya, mungalidetse. Komanso funso limeneli ndinaliyankha kale mu 1979."

"Nthawi imeneyo ndinali ku pulayimale, bambo."

"Ndiye vuto ndi langa? Mwana wanga, yambani mwaphunzira kufunsa."

Aphunzitsi enawo anagwedezera mitu, n'kuyamba kutsutsana ngati makina a ku Jeremani amaposa a ku Mangalande. Belu linalira asanagwirizane.

M'mawa mwake Jenifa ntchito inamuthera. Akudutsa pawindo ndi kachikwama kake kulowera njira ya ku Malosa, anaona ahedi atawaimika a Maurice pamakina paja, ana akudikira m'makalasi. Katswiriyo anawazungulira kawiri makina opukusa ndi dzanjawo, n'kukhosomola.

"Ahedi, kodi paja amayatsira pati?"