Ndodo Imene Usat Sanazike pa Mphambano

Panali munthu wina dzina lake Usat, wa kumtunda kwa mtsinje wa Baram pa chilumba cha Borneo, ndipo omudziwa amati nkhaniyi ndi yoona. Banja lawo linali la alenje a nswala kuyambira kwa agogo a agogo ake. Nyama ya m'sitolo sankaidziwa. Mudzi wonse unkakhala m'nyumba imodzi yaitali, banja lililonse ndi khomo lake. Nswala ikagwa, makomo onse makumi awiri a nyumba yawo yaitali ankalandira nthuli, ngakhale khomo la mayi wamasiye.

Alenje a kumeneko ali ndi lamulo. Ukamalowa m'nkhalango, uzike ndodo pa mphambano, uipendeketse kuloza khwawa limene ukupita. Mnzako akaiona amalowera kwina.

Mkazi wa Usat anali atabereka mwana wamkazi, ndipo phwando lopatsa mwanayo dzina linayandikira. Nyama ya phwando lotere amapha ndi bambo wa mwana. Koma Usat anali atapita kukasaka katatu n'kubwera chimanjamanja, ndipo Lahang, mwamuna wa mlongo wake, sankamusiya kupuma.

"Alamu, mwabweranso ndi misundu yokha m'miyendomo? Alendo tidzawaphikira imeneyo?"

"Sekani, alamu. Inu nswala yanu yomaliza inafa ndi ukalamba, munangoitola."

Anthu anaseka, naye anaseka, koma mumtima zinamulasa. M'mawa mwake anatenga mfuti ya bambo ake, a Jalong, omwe anasiya kusaka chifukwa cha maso. Iwo anamumva akutsika makwerero.

"Ukupita khwawa liti?"

"Ndikukangoona mono wa nsomba, bambo."

"Nsomba za masiku ano zikufuna mfuti? Ukazike ndodo."

Pa mphambano Usat anadula ndodo n'kuima nayo. Anaganiza kuti akaizika, aliyense adziwa kuti wapitanso, ndipo akabwera wopanda kanthu Lahang amuseka mpaka mwanayo adzakwatiwe. Anaiponya patchire.

Atafika pa kasupe wa madzi amchere pamene nswala zimakonda kumwa, anabisala. Anapinda tsamba, analiika pamilomo n'kuliza ngati mwana wa nswala, momwe bambo ake anamuphunzitsira. Anadikira, analizanso. Kenako masamba anagwedezeka kumunsi, ndipo anaona chinthu chofiirira chikuyenda chowerama. Sanadikire kuti aone mutu. Anawomba.

Chimene chinakuwa ndi munthu.

Anali Lahang. Sanapeze ndodo pa mphambano, choncho analowa khwawa lomwelo, ndipo atamva kulira kuja anayamba kunyang'ama, dengu lili kumsana. Zipolopolo zambiri zinathera m'dengumo. Zitatu zinalowa m'ntchafu.

Usat anang'amba malaya ake, anamanga bala, n'kumubereka mlamu wakeyo. Anatsika naye phiri maola atatu. Panjira Lahang anayamba kulankhula.

"Alamu, ine ndinabwera kudzakusakirani. Ndimati ndikapha ndikuitaneni mwakachetechete, mukanene kuti mwapha ndinu."

"Khalani chete, mukutaya magazi."

"Magazi akutayika koma nzeru zilipo. Tikanene kuti ndinaterereka, mfuti yanga inalira yokha. Ine manyazi ndilibe. Inu mukanena zoona akulandani mfuti, phwando lili pafupi."

"Andilande."

Atafika kunyumba anthu anathamanga kukakonza bwato la injini lopita ku chipatala. Lahang, atagona pakhonde, anali atayamba kale nkhani ya kuterereka. Usat anamudula mawu pamaso pa onse.

"Akunama pofuna kunditeteza. Ndawaombera ndi ine. Ndodo sindinazike chifukwa ndimaopa kusekedwa, ndipo ndawomba ndisanaone mutu."

Mlongo wa Usat anamuyang'ana, n'kutsatira mwamuna wake ku bwato. A Jalong anatambasula dzanja, Usat anawapatsa mfuti.

"Chaka chathunthu suigwira."

"Ndamva, bambo."

Apolisi atabwera kudzafunsa, mawu a Usat sanasinthe.

Lahang anachira, koma amatsimphina mpaka lero. Phwando analisuntha kudikira kuti atuluke m'chipatala. Alenje ena a m'nyumbamo anapita kukasaka, aliyense khwawa lake, n'kubwera ndi nswala ziwiri. Usat anakhala kumbuyo akuwaza nkhuni, poganiza kuti pa phwando la mwana wake yemwe alibe malo. Nyama itayalidwa pa masamba, a Jalong anamuitana n'kumupatsa mpeni.

"Gawa."

Munthu wina anang'ung'udza. "Agawe amene sanaphe?"

"Anabisa ndodo, inde, ndipo chilango chake akuchisenza," anatero a Jalong. "Koma atapatsidwa bodza loti limupulumutse, analikana. Munthu wotere sangabise nthuli ya mnzake. Ameneyu ndi mwana wanga. Gawa, Usat."

Usat anagwada n'kuyamba kudula. Anagawa makomo onse mofanana, mkazi wake ataima pambali ndi mwana m'manja. Atafika pa khomo la mlongo wake anazengereza, osadziwa kuti aike chiyani.

"Ine mundipatse ntchafu, alamu," anatero Lahang. "Yanga ija munaiwononga."

Woyamba kuseka anali mlongo wa Usat uja. Usat ananyamula ntchafu yonse, n'kukaiika yekha pa khomo pawo.

Phunziro: Malamulo amene makolo athu anasiya pa ntchito sanawaike pofuna kutivutitsa. Kusekedwa kumatha tsiku limodzi, koma chipolopolo chikatuluka sichibwerera. Ukamapita kulikonse, uza anzako kumene uli. Ndipo ukalakwa, nena wekha, ngakhale wokukonda atakupatsa njira yothawira, chifukwa ana athu adzadya m'manja mwa anthu amene ankanena zoona. Tumizani nkhaniyi kwa abale anu, makamaka abambo achinyamata amene akuopa kuoneka olephera.