Chidulo pa Mwala wa Pakhomo

Lefina atangothira chidulo pa mwala wa laimu wa pakhomo, apongozi ake aakazi anamugwira mkono.

"Mukutani, apongozi?"

"Ndikutsuka, amayi. Madzi alephera, sopo walephera. Mafutawa analowerera m'kati."

Pamwalapo ndi pamene Kalekeni, mwamuna wa Lefina, ankathirira mafuta tcheni cha njinga popita ku esiteti ya fodya. Chaka chatha anthu a boma anadzamutenga pa galimoto ya Landirova, ndipo ku Wimbe konse palibe amene ankafunsa mokweza za iye.

Chidulo chinalowa m'timaenje ta mwalawo. Pang'onopang'ono mafuta anayamba kutuluka, timadontho takuda tikuyandama, tonyezimira ngati khosi la njiwa. Pakhonde panamveka fungo la manja a Kalekeni.

Lefina anali atanyamula kale ndowa yotsukuluzira. Anaitula pansi.

Mayi wokalambayo anagwada movutikira, naviika chala m'mafutamo, nadzoza kuseri kwa dzanja la mpongozi wake monga adzozera khanda.

"Mwaonatu," anatero motsitsa mawu. "Mwala suyankhula, koma unatisungira. Madziwo kathirireni fodya ku nazale."